Chingwe Choyezera Mutu wa Tadala

Mphatso ndi Yamikani, ana anga, ndalemba izi m'kope lomwe Mphatso anasiya lili ndi masamba, kuti mudzawerenge mukadzakula, ndipo mudzamuwerengere Tadala wathu pang'onopang'ono. Anthu akamva kuti ndinapuma pantchito amaseka, poti ndilibe ndi imvi imodzi yomwe. Koma ndinapumadi, kalata yake ili m'sutikesi yobiriwira ija. Za ubwana wanga ku Ntcheu mumazidziwa kale, ndi zoti sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Ndiyambira pa ntchito.

2009, ku Hewe

Bambo anu atawatumiza ku Hewe kukakhala mlangizi wa zaulimi, ndinawatsatira ndili ndi Mphatso kumbuyo. Chitumbuka chomwe ndinkadziwa chinali yewo basi, zikomo wa kumeneko. Kachipatala ka kumeneko kankafuna munthu wokolopa, ndipo anandilemba chifukwa anzanga awiri omwe tinapikisana nawo anathawa ataona ndowa ya m'chipinda chochirira amayi oyembekezera. Bwana wanga woyamba anali namwino wamkulu, NyaGondwe, mayi wamfupi wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ndi iwo anasintha dzina langa. Kwathu ndine Naphiri, koma iwo anati kuno kulibe zimenezo, ndiwe NyaPhiri, ndipo mpaka lero ndimayankha lomwelo.

Patatha chaka anaona kuti mwana akhoza kulira m'manja mwanga mpaka masana ine osakwinya nkhope, ndiye anandichotsa pa chikolopa nkundiika kusikelo ya ana. Anandiphunzitsa kupachika mwana pasikelo, kugwira liwombo, ndi kuyeza mutu. Pa za mutu sankafuna masewera. Tsiku lina anandipeza nditadutsitsa tepi m'munsi pang'ono chifukwa mwana ankalimbalimba. Anandimenya dzanja pamaso pa amayi onse.

“Iwe NyaPhiri, tepi idutse pomwe patukuka kwambiri, pamphumi ndi kunkhongo komwe. Usamvere chisoni mwana, usamvere chisoni mayi wake. Ukufuna uwasangalatse? Uwaphikire tiyi.”

Zosowa zinalipo zambiri. Magolovesi tinkachapa nkuyanika pawaya. Matepi omwe ankatitumizira anali apepala, ndipo nthawi ya dzinja ankanyowa nkuduka. Zikatero NyaGondwe ankatenga chingwe chosokera matumba a chimanga, kuzunguliza mutu wa mwana, kutsina ndi chikhadabo, kenaka kuchigoneka pa rula ya patebulo. Kumeneko nkomwe ndinaona koyamba ana a mitu ikuluikulu. Anandifotokozera kuti si ufiti ayi, ndi madzi omwe atsekeka m'mutu, ndipo mwana amafunika kumuika kapaipi kochokera m'mutu kukatsira madziwo m'mimba. Anati madokotala odziwa kutsegula mutu ndi ochepa kwambiri dziko lonse lino, ndipo amakhala ku Blantyre. Mayi wa ku Hewe ukamuuza za Blantyre ankangokuyang'ana ngati wamuuza za kumwezi.

2015, pafupi ndi Njakwa

Bambo anu atawasamutsa, nanenso ndinapempha kusamuka, ndipo anandipatsa malo pachipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa msewu, kufupi ndi Njakwa. Bwana wanga kumeneko anali a Msiska. Sanali dokotala weniweni wa digiri, koma tonse tinkawatchula adokotala, ndipo ntchito ankaidziwa. Anali munthu wosalankhulalankhula, wakuti akakwiya ankangovula magalasi nkuyamba kuwapukuta. Atamva kuti ndinaphunzira kwa NyaGondwe, anandipatsa buku la ana a madzi m'mutu a m'dera lonselo. Mwezi uliwonse ndinkawayeza nkulemba. Nthawi ndi nthawi madokotala a mutu aja ankabwera ku Mzuzu kudzaona ana ndi kupanga opaleshoni, ndipo ine ndinkasonkhanitsa amayi, kumeta anawo, nkuwaperekeza pa ambulansi. Ntchito imeneyi ndinkaikonda. Inali yokhayo yomwe anamwino a masatifiketi ankabwera kudzafunsa ine.

Kumeneko nkomwe ndinadziwana ndi NyaMhango, mphunzitsi wako uja, Mphatso, wa Sitandade 3. Ndinene zoona poti ndikulembera ana anga: mayi ameneyu sanandilakwirepo kanthu, koma ndinamuchitira nsanje kuyambira tsiku loyamba. Tinali a msinkhu umodzi. Iye anakulira ku Khondowe, bambo ake mkulu wa mpingo, azichimwene ake onse ophunzira, wina akugwira ntchito ku Blantyre. Ankayenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Akabwera kuchipatala ankandipatsa moni mwaulemu, monire mama, kenaka nkutembenukira kwa a Msiska nkuyamba Chizungu, ine nditaima pakati pawo ndi mbale ya thonje. Iwe Mphatso unkabwera kunyumba nkumati amadamu ati tizitsuka mano chonchi, amadamu ati tizipinda malaya chonchi. Ndinkangoti chabwino, koma nsanje ikundiwotcha.

2019

Chaka chimenechi tonse awiri tinali oyembekezera. Iye anachira mwezi umodzi ine ndisanachire, mwana wamwamuna, Vitumbiko. Wanga anali Tadala. Ali ndi masabata awiri Tadala anatentha thupi kwambiri, tinagona naye m'chipatala, anachira. Koma pofika miyezi itatu ndinaona chipewa chomwe ndinamulukira chikukana kulowa. Palibe anandiuza. Ndinagwira liwombo ndekha nkumva litauma ngati chikopa cha ng'oma. Ndinakhala naye pakhonde mpaka nyemba zinapserera pamoto.

Nditapita kukamulemba m'buku langa lomwe, ndinapeza NyaMhango ali pabenchi ndi Vitumbiko, maso ali ofiira. Nayenso mwana wake anali ndi vuto lomwelo. Maina awo anatsatana patsamba limodzi, Vitumbiko pamwamba, Tadala pansi. A Msiska anatilimbitsa mtima kuti madokotala a mutu abwera ku Mzuzu mvula ikamatha, ndipo ana onse awiri akaikidwa kapaipi. Mungaganize kuti mavuto amodzi anatigwirizanitsa. Iye anayesetsa ndithu. Anandibweretsera nthochi, nkumanditchula kuti mnzanga. Koma ine ndinkaona bulangete la Vitumbiko lofewa, ndi kabuku komwe mayi ake ankalembamo chilichonse chomwe a Msiska anena, ndipo ndinkati ngakhale pa matenda iye ali patsogolo.

2020, chaka cha mliri

Mvula isanathe kunabwera korona. Sukulu zinatsekedwa, pakhomo la chipatala panaikidwa ndowa yosambira m'manja, tonse tinavala zotchinga pakamwa. A Msiska anatiitana ife amayi a m'buku lija pansi pa mtengo wa mango, titatalikirana, nkutiuza kuti madokotala a mutu sabweranso kumpoto mpaka zinthu zitasintha. Alendo akunja omwe ankawathandiza anabwerera kwawo. Ku Blantyre nako zipinda zina anazisandutsa za odwala korona, makina opumira anapita komweko, ndipo opaleshoni ankapanga ya okhawo omwe sangadikire. Mayi wina wa ku Hewe anafunsa kuti nanga amene angadikire ndi amene sangadikire amamudziwa ndani. A Msiska anati dokotala wa ku Blantyre azisankha yekha pafoni, poona zithunzi za mwana ndi manambala a m'buku la NyaPhiri. Amayi onse anatembenuka kundiyang'ana.

Poopa kupatsirana matenda ndi tepi imodzi, ndinakumbukira nzeru ya NyaGondwe. Mwana aliyense ndinamudulira chingwe chakechake, nkumangirira kansalu ka chitenje cha mayi ake kumapeto, ndi kuchipachika pamsomali wake. Ndikayeza ndinkamanga mfundo pomwe chingwe chakumana, nkuchigoneka pa rula, nkulemba. Mutu ukamakula, mfundo zinkatalikirana. Ngakhale mayi wosadziwa kuwerenga ankaona yekha. A Msiska anaiyamikira njira imeneyi, mpaka anaijambula nkutumiza kwa anzawo.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pomwe ndalembera zonsezi. Zingwe za Vitumbiko ndi Tadala zinali pamisomali yoyandikana. Patatha mwezi chimangireni mfundo zoyamba, ndinayeza Vitumbiko monga anandiphunzitsira, mfundo inasuntha ngati chala chimodzi. Nditazunguliza Tadala ndinaona kuti yake isuntha kuposa pamenepo. NyaMhango anali chiimire pambali panga akuyang'ana, ndi nkhope yachisoni ija. Sindinafune chisoni chake. Sindinafune kuti apite kunyumba akauze amuna ake kuti wa NyaPhiri ndiye zafika poipa. Ndinatsitsa chingwe pang'ono, kuchoka pomwe mphumi yatukuka kufika chapansidze, nkukoka mwamphamvu. Tadala analira. Mfundo inagwera pafupi ndi yakale. NyaMhango anati, “Yewo chomene, Chiuta ngwakutemwa, mutu wa wanu ndiye waima,” kuthokoza Mulungu kuti ndi wachikondi. Ndipo ine ndinamva kukoma. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi kanthu komwe iye analibe.

Sindinaganize kuti ndikunama. Ndinkadziuza kuti mwana analimbalimba, mwezi wamawa ndikonza. Mwezi wotsatira ndinachitanso chimodzimodzi, chifukwa kukonza kukanaonetsa mfundo yodumpha patali, anthu nkufunsa. Tadala akasanza m'mawa ndinkati ndi mkaka wachuluka. A Msiska ankaona odwala a chifuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anamwino awiri anali atadwala, ndipo palibe amene akanaganiza zoyeza mwana wa munthu woyeza. Pojambula chithunzi chotumiza ndinkamuveka Tadala chipewa chachikulu chomwe ndinalukanso. Bambo anu anandifunsa kamodzi kuti kodi mutuwu sukukula, ine ndinawayankha kuti inu mumadziwa za fodya, za mitu musiyire ine.

Mwezi wa Okutobala uthenga unabwera. Ku Blantyre kunapezeka malo a mwana mmodzi wa kwathu kuno. Ambulansi inkaloledwa kunyamula wodwala mmodzi ndi womudikirira mmodzi, onse atayezedwa korona. Dokotala anaona manambala a miyezi yonse ija nkusankha Vitumbiko, poti mutu wake ndiye unkaoneka kuti ukuthamanga. Za Tadala analemba kuti waima bwino, angathe kudikira. A Msiska anandiwerengera uthengawo akumwetulira, poganiza kuti akundiuza nkhani yabwino.

Masiku awiri ndinayenda ngati wodwala malungo. Ndikakhala chete, ntchito yanga ikhala, ulemu wanga ukhala, koma mwana wanga azidikira pa bodza langa. Ndikaulula, aliyense adzati NyaPhiri wapeka nkhani kuti alande malo a mwana wa mnzake, poti ndani angakhulupirire kuti mayi angachepetse dala matenda a mwana wake? Ndipo m'mutu mwanga nsanje inali ikundiuzabe zina, kuti amusankha chifukwa cha mchimwene wake wa ku Blantyre, chifukwa cha Chizungu. Ndinkafuna kwambiri kuti zikhale choncho. Koma dokotala uja sankamudziwa nkomwe NyaMhango. Ankadziwa manambala olembedwa ndi dzanja langa.

Tsiku lachitatu m'mawa, odwala asanayambe kulowa, ndinatenga Tadala ndi chingwe chake nkulowa mu ofesi ya a Msiska. Ndinamuvula chipewa nkuwapempha kuti amuyeze okha. Anazunguliza chingwe, ndipo mfundo yanga yomaliza inatsalira kutali, malo a zala zitatu. Anayezanso kachiwiri nkumanga mfundo yawo. Kenaka anayatsa katochi m'maso mwa Tadala, omwe anali atayamba kuyang'ana pansi. Anavula magalasi awo nkuyamba kupukuta.

“NyaPhiri, chingwechi chinafupika chokha?”

“Ayi, adokotala. Ndinkatsitsa ndine.”

“Chifukwa?”

“NyaMhango amakhala ataima pompo.”

Anapukuta magalasiwo nthawi yaitali. Sanandikalipire. Anandifunsa ngati ndinachitanso zimenezi kwa ana ena, ndinati ayi, koma tsiku lomwelo anatuma uthenga kuti onse abwere awayeze okha. Anaimbira dokotala wa ku Blantyre ine ndili pomwepo. Dokotalayo anati Vitumbiko nayenso sangadikire, iye ndi mayi ake anayezedwa kale korona, ndipo bedi ndi limodzi. Tadala amuika woyamba pa ulendo wotsatira. A Msiska atatseka foni anatenga buku lija patebulo langa nkuliika m'kabati mwawo. Anati ndibwerere ku chikolopa kufikira ataganiza bwino.

Kumeta Vitumbiko ndinameta ndine, chifukwa panalibe wina wodziwa kumeta liwombo lotupa osalicheka. NyaMhango anamugwira pamiyendo, ine ndi lezala latsopano. Anali atamva kale, poti pachipatala nkhani siigona. Ndinkadikira kuti andinyoze, mwina zikanandipepukira. Iye anangondifunsa chapansipansi kuti, “Mama, kasi ine nkhamuchitirani vichi?” kutanthauza kuti ndinakuchitirani chiyani. Ndinati palibe. Ndinapitiriza kumeta. Ambulansi itanyamuka ndinasesa tsitsi la mwana wake nkukataya, kenaka ndinapita kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

2021

Ulendo wotsatira uja sunabwere msanga. Chaka chitangoyamba korona inabweranso mwamphamvu kuposa poyamba, anthu odziwika ankamwalira motsatizana, ndipo ku Blantyre anatsekanso zonse kupatula za ngozi zapamsewu. A Msiska ankaimba foni sabata iliyonse. Tadala anasiya kutsatira supuni ndi maso. Ndinkamudutsitsira chitenje chofiira kumaso, iye nkumayang'ana kumbali komwe kukuchokera mawu anga. Nthawi yomweyo Vitumbiko anali atabwerako, kachipsera kakang'ono kuseri kwa khutu, akuyamba kukhala yekha. Mayi ake ankadzera njira ya kuseri kwa tchalitchi kuti asadutse naye pakhomo pathu. Ndinadziwa kuti akuchita zimenezi pondimvera chisoni, ndipo zinandipweteka kuposa akanadutsa.

Tinaitanidwa nyengo yozizira itayamba. Ulendo wa ku Blantyre ndi wa tsiku lathunthu, ndipo ndinamugwira mutu m'manja njira yonse kuti usagunde. Amene anatilandira pageti la chipatala ndi fulasiki ya phala anali mchimwene wa NyaMhango uja, atatumidwa ndi mlongo wake. Phalalo ndinamwa, poti njala inalipo. Dokotala wa mutu anali munthu wotopa, zotchinga pakamwa ziwiri, wolankhula Chichewa chabwinobwino. Opaleshoni inayenda bwino. Potuluka anandiuza mosabisa kuti moyo wapulumuka, koma madzi anakhala nthawi yaitali akupanikiza mitsempha ya maso, ndipo zomwe zinawonongeka sizibwerera. Ndinamufunsa kuti Tadala akanabwera Okutobala uja bwenzi akuona? Anati sangalumbire, mlili unachedwetsa ana ambiri, ena sanafike nkomwe. Sanati inde, sanati ayi. Yankho limenelo ndi lomwe ndimagona nalo.

2022 mpaka lero

A Msiska anandibwezera buku lija titabwerako, ati palibe wina amayeza bwino ngati ine ndikafuna. Ndinagwira miyezi ingapo, koma Tadala ankafunika munthu tsiku lonse, womuphunzitsa kuyenda mogwira khoma ndi kumutengera ku mafizo, kuchipatala kolimbitsa ziwalo. Ndinalemba kalata yopuma. Pa tsiku lotsanzikana anaphika tiyi ndi mandasi, ndipo a Msiska analankhula mawu atatu okha. Ndisanachoke ndinaphunzitsa mtsikana amene analowa m'malo mwanga, ndipo ndinawapempha a Msiska lamulo limodzi, lomwe likugwirabe ntchito pamenepo: mwana wa wantchito aziyezedwa ndi munthu wina.

Musaganize kuti nsanje inatha. Vitumbiko anayamba sukulu ya mkaka, ndipo amadutsa pamsewu ndi kachikwama kabuluu, akuwerenga zilembo za pa magolosale mokweza. Ndikamumva ndimasiya chomwe ndikuchita nkulowa m'nyumba. NyaMhango amabwera Loweruka lina lililonse ndi timabuku ta madontho otukuka tomwe anaitanitsa, nkukhala pamkeka kumuphunzitsa Tadala kuwerenga ndi zala. Tadala amamukonda kwambiri, amati amadamu ati ndigwire chonchi. Ine ndimawaphikira tiyi, ndimathokoza, ndipo nsanje imandiwotchabe monga kale. Kusiyana kwake nkwakuti tsopano ndimadziwa zomwe moto umenewu unadya, ndiye ndimaukhalira pansi mpaka mlendo atapita.

Mukadzamva anthu akunena kuti maso a Tadala anatha ndi korona, musadzatsutse, mbali ina ndi zoona. Koma inu mudziwe mbali inayo, ndipo iye akadzafunsa musadzamubisire. Chingwe chake chili m'sutikesi momwemo, pamodzi ndi kalata yopumira ntchito. Chili ndi kansalu kachikasu. Mfundo zisanu ndi imodzi zothithikana ndi zanga. Yapatali payokha ija ndi ya a Msiska.

Sabata yatha kunayamba kuzizira, ndiye ndinati ndimulukire Tadala chipewa china. Ndinadula ulusi kuti ndimuyeze mutu. Anakhala phee pamiyendo panga, ine nkudutsitsa ulusiwo pamwamba pa mphumi pomwe patukuka, ndi kunkhongo, mpaka pa kapaipi kake kuseri kwa khutu. Anakweza dzanja nkugwira zala zanga.

“Amama, musakoke.”

Sindinakoke. Ndinaitana bambo anu kuti abwere aone pomwe ulusi wakumana, ndipo mfundo anamanga ndi iwo.